Malikisi Awiri

9 Febuluwale

Mayi a Kafunso,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino, inu ndi mwana, ndiponso amayi anga. Ine kuno ndili bwino, kupatula chimfine chomwe chinandigwira sabata yatha, koma chapita.

Musadabwe kulandira kalata ya pamanja ngati ya makolo athu. Foni yanga inalowa m'madzi kuntchito ndipo yafa. Sindigula ina msanga. Ndapangana ndi dalaivala wa lole uja amabweretsa katundu kwa achimwene anu. Amadutsa kuno kawiri pa mwezi, ndiye makalata azitenga iyeyo. Kukagwa zadzidzidzi muimbe pa foni ya mnzanga amene ndimagona naye chipinda chimodzi, nambala ndalemba kuseri. Koma zikhaledi zadzidzidzi. Mnzangayo ndi mlonda, ndipo anthu kuno amamutcha Mtolankhani. Mukamuuza kuti mwana waguluka dzino, pofika madzulo nyumba yonse ya zipinda makumi awiri ikhala itamva kuti wathyoka nsagwada.

Ntchito ikuyenda monga kale. Tikuchapabe zovala za zipatala zitatu: nsalu za pabedi, matawulo, ndi makoti oyera a madokotala ndi a kufamase. M'mawa ntchito yanga ndi kupisa m'matumba zovala zisanalowe m'makina. Ndimapeza zolembera, maswiti, makiyi. Dzulo ndinapeza kapepala kolembedwa mlingo wa mankhwala a mwana wa chaka chimodzi, ndipo ndinaima nako ndikuwerengera ngati wolembayo sanalakwitse. Sanalakwitse. Kapitawo anandifunsa ngati anandilemba ntchito yowerenga kapena yochapa. Ndinakaponya mubini. Zaka zinayi za kuyunivesite zimanditulukira nthawi ngati zimenezo, ngati chifuwa m'tchalitchi.

Mayeso a chilolezo cha kufamase ndilembanso pa 14 Ogasiti. Mukudziwa kuti chitupa changa chokhalira kuno chikutha mu Okutobala, ndipo munthu wochapa samuwonjezera. Ndikakhoza ndipeza ntchito ya maphunziro anga, inu ndi mwana mubwera. Ndikapanda kukhoza ndibwera ndine, ndi sutikesi yomwe anandibwereka bambo anu.

Pepala la zotsatira za mayeso a Novembala munalifunsanso foni isanafe. Ndamva kuti mukufuna kuona gawo lomwe ndinaperewera malikisi awiri aja, kuti muzindikonzera mafunso monga mumachitira ndi ana a m'kalasi mwanu. Zikomo. Ndiliyang'ana, mapepala anga ndi osokonekera.

Mwati amayi akuiwala kumwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi. Musawakalipire. Ikani botolo m'kati mwa kapu yomwe amamwera tiyi m'mawa. Munthu saiwala tiyi.

Nsapato za mwana zili m'jumbo yabuluu. Mundiuze ngati zakwana.

Ndine wanu,
Bambo a Kafunso


2 Malichi

Mayi a Kafunso,

Moni wa kuno. Kalata yanu ndalandira, ndipo ndakondwa kumva kuti nonse muli bwino. Mwati nsapato zakwana, koma mwini wake akufunsa chifukwa chake nsapato zili ndi yakumanja ndi yakumanzere pomwe masokosi alibe. Dzina lija sitinaphonye. Muuzeni kuti bambo ake akuganizirabe yankho.

Kalatayo ndaiwerenga kanayi. Pa foni mawu anu ndinkawamvera ndikuyenda, chala chili kale pa uthenga wina. Sindinakuuzenipo zimenezi.

Mwafunsa ngati ndikuwerenga. Ndikuuzeni zomwe zachitika. Buku la masamba 700 lija ndinagula nditangofika, ndakhala ndikulinyamula m'chikwama tsiku ndi tsiku. Kuntchito kuli mayi wina wachikulire, wa mawu ngati wailesi. Asita zovala pamenepa zaka 19, ndiye onse amawatcha Mayi Simbi. Iwo amanditcha Digiri. Masabata awiri apitawo, pa nthawi yopuma, anandipeza nditakhala pabenchi, buku lili pamiyendo, lotseka.

"Iwe Digiri, mwana wakoyu wayamba kukwawa?"

"Mwana uti, mayi?"

"Ameneyu umamunyamula m'mawa ndi madzulo. Chaka chatha ndikukuona naye. Sindinamuonepo atatsegula pakamwa."

Anthu anaseka. Ndinati ndikudikira ndipeze nthawi yokwanira, yoti ndikhale pansi bwinobwino. Iwo anati nthawi yokwanira anaiona komaliza asanamere mano. Kenako analanda bukulo, kutenga sizasi yodulira ulusi, n'kudula masamba asanu oyambirira. Mukundidziwa, ine sindipinda ngakhale ngodya ya tsamba. Ndinamva ngati andidula khutu. Masambawo anawalowetsa m'thumba la ovolosi yanga, buku lotsalalo n'kulitsekera m'kabati mwawo.

"Ukatha awa udzatenge ena. Lonseli lakukulira."

Makina owumitsa akayamba kuzungulira, pamakhala mphindi khumi zopanda chochita, kasanu ndi kamodzi pa tsiku. Kale ndinkathamangira kukabati kukaona foni. Tsopano ndimatulutsa masamba anga, n'kutsamira khoma lofunda. M'masiku khumi ndi awiri ndawerenga masamba 60. Musandifunse kuti chaka chonse chatha ndinawerenga angati.

Mwati bambo anu akuuza aliyense za malikisi awiri aja, mpaka kutchalitchi. Chonde apempheni mwaulemu kuti asamaitchuletchule nkhaniyi. Si yonyaditsa.

Pepala lija sindinalipeze. Mwina linatsalira mu foni muja.

Denga la kuchipinda kwa amayi musadikire ine, itanani mmisiri mvula isanawononge siling'i. Kuno sopo ndi mafuta ophikira zakweranso, komabe kangachepe ndapatsira dalaivala.

Wanu,
Bambo a Kafunso


6 Epulo

Mayi a Kafunso,

Ndayamba ndi moni. Ndikhulupirira chifuwa cha mwana chapola. Ine ndili bwino, msana wokha ndiwo ukudandaula.

Mafunso makumi awiri munanditumizira aja ndayankha. Ndaona kuti mwawatenga m'makope anga akale a kuyunivesite, kutanthauza kuti munakwera pamwamba pa kabati n'kutsitsa katoni ija nokha. Ndinakhoza khumi ndi limodzi. Sindinadzibere.

Mayi Simbi apeza njira ina yondizunzira. Nsalu ya pabedi imapindidwa ndi anthu awiri. Timagwira m'makona, kutalikirana, kuikutumula, kenako kuyenda kukakumana pakati, katatu. Tsopano m'mawa ndimalemba mayina a mankhwala khumi pa kapepala, pamodzi ndi mayankho ake, iwo n'kukamangirira ndi phini pachifuwa panga. Iwo amakaona, ine ayi. Tikakumana koyamba amatchula dzina, ine ndinene ntchito yake. Kachiwiri, mlingo. Kachitatu, amene sayenera kumwa. Ndikalakwa salongosola chilichonse. Amangoti, "Wapha."

Tsiku loyamba ndinapha anthu asanu ndi awiri. Poweruka anauza kapitawo, anthu onse akumva, "Bwana, musamulole uyu kuyandikira chipatala. Lero yekha wapha mayi woyembekezera ndi agogo awiri." Lachisanu lapitali ndinapha mmodzi. Anati ameneyo anali wodwalika kale.

Ndimaseka nawo, koma pobwerera m'basi ndimaganiza. Pa foni ija ndinali ndi aphunzitsi a mayiko onse, mavidiyo, mafunso a zaka khumi. Lero ndikuphunzitsidwa ndi munthu amene anasiyira sukulu panjira, ndi phini ndi kapepala, ndipo zikulowa. Sindikudziwa kuti zimenezi zikunena chiyani za ine.

Mtolankhani akundimvera chisoni. Akuti munthu wopanda foni ali ngati wamwalira koma sanauzidwe. Akabwera m'mawa amandipatsira nkhani zonse ndikumanga nsapato: kwina kwasefukira madzi, kwina nduna yatukwana inzake, wosewera mpira wasiya mkazi. Dzana anati wamva kuti mafunso a mayeso athu atuluka, akugulitsidwa m'gulu lina. Ndinakopeka, sindikubisirani. Ndinamupempha kuti za mayeso asamandiuze. Wakhumudwa, akuti ndayamba matama.

Tsopano nkhani ya bambo anu. Mwati akufuna kulembera bungwe la mayeso kuti lichongenso pepala langa, poti malikisi awiri akhoza kukhala kulakwitsa kwa wochonga, ndipo akungodikira nambala yanga ya mayeso. Ndikudziwa kuti akuchita izi chifukwa chondikonda. Koma chonde, Mayi a Kafunso, asalembe. Auzeni kuti nthawi yodandaula inatha. Auzeni chilichonse.

Pali zina zomwe ndikanakonda kukamba tili maso ndi maso. Zidikire.

Mupereke moni kwa amayi ndi kwa alamu.

Bambo a Kafunso


20 Epulo

Mayi a Kafunso,

Ndikhulupirira muli bwino. Ine m'thupi ndili bwino. Kalata ino muiwerenge muli nokha.

Dalaivala wandipatsa kalata ya bambo anu yopita ku bungwe la mayeso, masamba awiri olembedwa bwino ndi dzanja lawo lonjenjemera lija, ndi mpata womwe asiya kuti ndilembepo nambala. Alembamo kuti mkamwini wawo ndi munthu wakhama amene sananamepo. Ndaiwerenga nditaimirira pamsewu. Sindingaitumize.

Pepala la zotsatira kulibe. Silinasowe, ndipo silinali mu foni. Mayeso a Novembala sindinalembe.

Ndifotokoza mwadongosolo, osati kuti mundikhululukire, koma kuti musatsale ndi mafunso. Nditafika kuno ndinalowa m'gulu la pa foni la anthu okonzekera mayesowa. M'menemo munatuluka gulu lina, m'linalo linanso, mpaka anakwana khumi ndi limodzi. Ndikadzuka ndinkapeza mauthenga mazana asanu ndi limodzi. Aliyense ankatumiza buku lomwe akuti ndilo lenileni, mafunso omwe akuti sangalephere kubwera. Zonse ndinkasunga. Mafayilo anapitirira zikwi zitatu. Ndikasunga ndinkamva mtima kukhala pansi ngati ndawerenga. Ndinaonera mavidiyo ambirimbiri a kawerengedwe kabwino. Ndinalemba ndandanda ya kawerengedwe kasanu ndi kawiri, ndi rula ndi zolembera zamitundu. Pamene munkaimba n'kumati, "Ndisakusokonezeni, mukuwerenga," ndinkakhala ndikusanja mafayilo. Ndinkatunga madzi ndi dengu, ndipo ndinkatopadi.

Kutatsala masiku atatu, m'magulu asanu munabwera uthenga woti mayeso asunthidwa ndi sabata imodzi. Uthengawo unali woona, koma unali wa anamwino. Mzere wonena zimenezo unali pansi penipeni, ndipo sindinafikeko. Kalata yeniyeni ya bungwe, ya dzina langa ndi tsiku langa, inali mu imelo, pakati pa ena zikwi zinayi osatsegula.

Apa ndi pomwe pakundivuta kulemba. Ndikanatha kufufuza. Inali ntchito ya mphindi imodzi. Sindinafufuze chifukwa ndinakondwa. Ndinkadziwa kuti m'mutu mulibe kanthu, ndipo sabata imeneyo ndinailandira ngati mphatso. Ndinaopa kuti ndikafunsa andilanda.

Loweruka linalo ndinavala shati yomwe munandigulira, n'kupita. Holo inali yodzaza ndi anamwino. Mayi wa pakhomo anatsitsa rula pa mndandanda kawiri konse, kenako anayang'ana chitupa changa.

"Bambo, a famase analemba Loweruka lapitali. Simunalandire kalata?"

Ndinati ndinalandira. Anangoitana wotsatira.

Ndinakakhala pokwerera basi maola atatu, kutalika kwa mayeso, kenako ndinakuimbirani n'kunena kuti anali ovutirapo. Nthawi ya zotsatira itakwana ndinasankha malikisi awiri. Ndinaganiza kuti asanu aoneka ngati ulesi, imodzi ioneka ngati bodza. Onani mmene ndinaliganizira bwino bodzalo. Ndi ntchito yokhayo yomwe ndinaikonzekera chaka chatha.

Za foni nazonso sindinanene zonse. Zitachitika zimenezi sindinatuluke m'magulu aja, ndinalowanso ena awiri. Tsiku lina mu Januwale ndinaiwala foni m'thumba la ovolosi, ine amene ntchito yanga ndi kupisa m'matumba, n'kuiponya m'makina. Atayamba kuzungulira ndinaimva ikugunda, gu, gu, gu. Batani lofiira loimitsira linali pafupi ndi dzanja langa. Madzi anali asanadzaze. Ndinaima n'kumamvetsera mpaka thovu linakwera. Musaganize kuti kunali kulimba mtima. Ndinali nditatopa, basi.

Mwakhala mukundisenzera mwana, amayi anga ndi nyumba, n'kumakweranso pakabati kutsitsa makope anga. Ndilibe mawu okwanira. Kalata ya bambo ndaisunga m'sutikesi yawo. Chomwe mungagamule ndilandira.

Mwamuna wanu, ngati mukundiwerengerabe,
Bambo a Kafunso


8 Juni

Mayi a Kafunso,

Moni. Ndikhulupirira kuti muli bwino nonse. Dalaivala wadutsa katatu. Ulendo uliwonse amandipatsa moni wa alamu, kenako amayang'ana matayala a lole yake. Akuti anakuonani mukuchokera kusukulu ndipo mukuyenda bwinobwino. Zimenezo zandikwanira.

Sindikulemba kuti ndikufulumizeni. Kuno kwayamba kuzizira, ndiye ndaika juzi ya mwana ndi mpango wa amayi. Mankhwala awo ayenera kuti atsala a masabata awiri, musadikire kuti atheretu.

Lamulungu lina Mtolankhani anandibwereka foni kuti ndikuimbireni. Ndinatuluka nayo pakhonde. Pamwamba panali uthenga wa ngozi ya sitima kudziko lomwe sindidzapitako. Ndinati ndingoona pang'ono. Pomwe ankabwera kudzaitenga panali patatha theka la ola, ndipo nambala yanu ndinali ndisanaiyambe n'komwe. Anandifunsa kuti akunyumba ali bwanji. Ndinati ali bwino. Matendawa sanathe, ndangotalikirana ndi chomwe chimawadzutsa.

Ndili pa tsamba 450. Masiku ena ndimadzifunsa kuti ndikuwerengera ndani. Koma makina akayamba kuzungulira dzanja limapita lokha m'thumba, lisanandifunse maganizo anga. Mayi Simbi anaona nkhope yanga, ndipo ndinawauza zonse. Sanaseke. Anangoti, "Gwira nsalu, Digiri, ikukhudza pansi."

Ku ofesi ya bungwe ndinapita ndekha ndi miyendo. Tsiku ndi 14 Ogasiti, 9 koloko m'mawa. Anandilembera pa pepala la chidindo, ndipo ndalikhoma pa chitseko, m'kati.

Bambo a Kafunso


6 Julayi

Mayi a Kafunso,

Zikomo. Ndayamba ndi mawu amenewo moni asanabwere. Ndakondwa kumva kuti mwana ndi amayi ali bwino. Za inu simunanene, ndipo ndilibe ufulu wofunsa.

Kalata yanu ndi theka la tsamba, ya cholembera chofiira chochongera. Ndaiwerenga mpaka ndailoweza. Mwati, "Kulephera ndikanakusenzerani. Chomwe chandipweteka n'chakuti miyezi isanu ndakhala ndikunama m'malo mwanu osadziwa, kwa bambo anga, kwa ahedi, kwa aliyense wondifunsa pamsewu." Zimenezo sindinaziganizire. Ndinkaona ngati bodzalo ndalisenza ndekha, chonsecho ndinalisenzetsa inu, n'kumalilankhula ndi pakamwa panu.

Mwatinso bambo simuwauza inu, ndiwauze ndekha, ndipo mwangowapempha kuti adikire. Ndamva. Kalata yopita kwa iwo ndaiyamba katatu. Yoyamba inatalika masamba anayi, ndipo nditaiwerenga ndinapeza kuti wolakwa ndi foni, magulu ndi anamwino. Ndinaing'amba. Ndipitiriza mpaka itatsala ndi ine ndekha.

Tsamba la kaundula wa kalasi lomwe mwaikamo ndaliona. Dzina limodzi lokha, langa, ndi timabokosi ta masiku mpaka pa 14 Ogasiti. Pansi mwalemba kuti, "Azichonga mayi wa simbiyo, inu ayi." Zinandiwawa, koma ndi zoona. Ndinapita nalo kuntchito. Mayi Simbi anavala magalasi, kuwerenga pang'onopang'ono, kenako anaseka mpaka kukhala pa mulu wa matawulo.

"Mkazi ameneyu ndamukonda. Anakutola kuti iwe?"

"Kusukulu, mayi."

"Anali atadwala maso?"

Alikhoma m'kati mwa chitseko cha kabati yawo. Sachonga ndisanayankhe mafunso a tsikulo. Lachinayi ndinawapempha kuti achongeretu poti basi inali kundisiya. Anati, "Ukufuna undinamizitse kwa mnzanga?" Simunaonanepo, koma ndinu mnzawo kale. Basi inandisiya.

Buku latsala masamba ochepa. Likatha tibwerera poyambira, pa masamba omwe ndinapha anthu ambiri. Masamba odulidwawo ndimawamanga ndi ulusi, asanuasanu, ndipo adzaza katoni ya sopo pansi pa bedi. Akuda ndi thukuta, ena anyowa m'makona. Bukulo linali lokongola pomwe linali losawerengedwa.

Sindikulonjezani kuti ndikhoza. Malonjezo anga mukuwadziwa mtengo wake. Chomwe ndinganene n'chakuti dzulo ndinawerenga, lero ndawerenga, ndipo pali wochitira umboni.

Mwana mwati akufunsa kuti bambo ake amachapa zovala za anthu onsewo, nanga zawo amawachapira ndani. Muuzeni kuti ndimachapa ndekha Lamulungu, ndipo m'matumba ndimapisamo kawiri.

Wanu,
Bambo a Kafunso


21 Sepitembala

Mayi a Kafunso,

Moni kwa inu, kwa mwana ndi kwa amayi. Ine ndili bwino. Pepani kuti mu Ogasiti ndinangotumiza mzere umodzi woti mayeso ndalemba. Ndinaona kuti mawu anga opanda pepala salemera kanthu, ndiye ndinati ndidikire.

Kutatsala masiku awiri ndinapitanso ku ofesi kukafunsa ngati tsiku silinasinthe. Kalaliki anati, "Bambo, mwabweranso? Tsiku ndi lomwe lija, silinasamuke." M'mawa wa tsikulo Mtolankhani anayamba kuti, "Achimwene, ndamva kuti..." kenako anadzigwira pakamwa yekha, n'kundipatsa cholembera chake. Ndinafika geti lisanatsegulidwe. Pakhomo panali mayi yemwe uja wa rula. Sindikudziwa ngati anandikumbukira. Rula inatsika n'kuima pa dzina langa, ndipo ndinaiyang'ana mpaka anati, "Lowanitu, bambo."

M'katimo munali mafunso ena omwe sindinawaonepo. Koma ambiri nditawawerenga ndinkamva fungo la nsalu yotentha, ndipo mayankho ankabwera atatuatatu: ntchito yake, mlingo, amene sayenera kumwa. Pa funso lina ndinalemba yankho, n'kumva mawu m'khutu akuti, "Wapha." Ndinafufuta.

Zotsatira ndakatenga Lachisanu. Envulopu ndinaitsegulira pa kauntala pomwepo, ndisanasunthe phazi. Pofunika 60, ndapeza 64. Si zonyaditsa kwa munthu amene kuyunivesite ankakhala kutsogolo, koma ndi zanga, ndipo zili pa pepala. Famase ina yandiitana Lachitatu kuti tikakambirane, ndipo akuti za chitupa athandiza. Sindinena zambiri zisanachitike.

Mayi Simbi nditawaonetsa anapukuta manja, kuligwira pepalalo m'mphepete, n'kunena kuti, "Anthu 36 pa 100 alionse afabe." Kenako anatembenukira kukhoma kanthawi, akuti nthunzi yawalowa m'maso. Andilamula chinthu chimodzi: ndikadzavala koti loyera ndizichotsa zolembera m'thumba ndisanalitumize kochapa, apo ayi adzabwera kufamaseko kudzandichititsa manyazi pamaso pa odwala.

Ndagula kafoni kamabatani, kongoimbira. Nambala ili kuseri. Koma ngati simutopa nawo, makalata tisasiye.

Mu envulopu muno muli mapepala atatu. Loyamba ndi kaundula wanu. Muona timabokosi titatu topanda kanthu. Tiwiri ndinadwala malungo a chimfine. Kachitatu ndinabwereka foni ya Mtolankhani kuti ndione zanyengo, ndipo tsiku linathera pomwepo. Mayi Simbi anakana kuchonga, ndipo ndinasiya kuwapempha.

Lachiwiri ndi pepala la zotsatira, lomwe mwakhala mukulifunsa kuyambira chaka chatha.

Lachitatu ndi kalata yanga yopita kwa bambo anu. Yatsala mizere isanu ndi umodzi. Sindinaimate, muiwerenge. Ndaikamo ndi kalata yawo ija yopita ku bungwe, mpata wa nambala uli chomwecho.

Pempho langa ndi ili. Ndikudziwa kuti mudzafuna kuwapatsa zotsatira poyamba kuti mtima wawo ufewe. Chonde musatero. Akaona 64 adzaimirira kukauza anthu, ndipo kalatayo adzaiwerenga ndi diso limodzi, n'kundikhululukira asanamve chomwe ndinachita. Apatseni kalata kaye. Aiwerenge yonse, akhale nayo, anene zomwe anganene. Pepala linalo likhale m'chikwama mwanu mpaka atamaliza, ngakhale litagona momwemo masiku awiri.

Ndipo zomwe adzanenezo mudzandilembere monga momwe adzazinenere, osachotsapo ngakhale liwu limodzi. Ndidzawerenga mpaka pansi.

Ndine wanu,
Bambo a Kafunso